Theka la Tebulo la Bambo

9 Malichi

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuti bwanji? Mankhwala ndinakutumizirani aja mukupakadi, kapena mukungoyeza kuti atsala ochuluka bwanji m'botolo? Ife kuno tili bwino. Bambo a Kachiwala tsopano akuyendetsa basi ya m'mawa, ndiye timakumana pakhomo, ine ndikuchokera kuchipatala, iwo akutuluka. Kachiwala wanu waguluka dzino lakutsogolo, ndipo akuti ndikuuzeni kuti akutha kuwerenga mpaka zana, watengera agogo ake.

Nkhani ina ndi yakuti eni nyumba tikukhalayi akufuna kuigulitsa. Akuti ife ndiye oyamba kufunsidwa, ndipo atipatsa mpaka kumapeto kwa Meyi kuti tiganize. Musadandaule nazo, tiona chochita.

Masiku ano ndikumalota kwathu. Ndikagona masana, galimoto zikulira pansipa, ndimangopezeka ndili pakhonde, mphepo ikugwedeza makatani anu oyera aja. Dzulo ndinalota ndikuyenda m'nyumbamo. Ndikatsegula chitseko ndimapeza chipinda, ndikatsegula china ndimapezanso chipinda, osatha, ndipo monsemo munalibe munthu wondiuza kuti ndisunthe akufuna kudutsa.

Kodi Amayi, nyumba zikugulidwa bwanji kwathuko masiku ano? Tinene yonga yathuyo ingakwane zingati? Ndangofuna kudziwa. Inu ndinu aNamasamu, monga ankakutchulirani malemu Bambo, simungalephere kundipezera yankho.

Ndine mwana wanu.

21 Malichi

Mwana wanga,

Kalata yako yafika ndipo ndaiwerenga katatu. Bondo lili bwinoko, ndikufika pachipata osapumira panjira. Mankhwala ndikupaka, usandinyoze. Kachiwala umuuze kuti mano a mwana amakhala makumi awiri, asalire ndi limodzi.

Ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ndimadziwa kuti mwana akati "ndangofuna kudziwa," funso lenileni walikhalira. Ndamva.

Ndinaitana bambo uja amagulitsa nyumba za anthu, wa ofesi yoyandikana ndi positi. Anabwera ndi nsapato zake zosongoka, nazungulira nyumba yonse osaona kanthu. Ndinachita kumuuza ndine kuti zipinda zogona ndi zinayi, zitseko zisanu ndi zinayi, mazenera khumi ndi limodzi, ndipo denga silidontha pena paliponse. Iye akuti, "Mayi, ife mazenera sitiwerenga." Ndinati, "Nanga mumawerenga chiyani?" Akuti, "Timawerenga anthu ofuna kukhala kuno." Tonse tinayang'ana mumsewu. Munkadutsa galu mmodzi, naye osafulumira.

Akuti chitsekereni fakitale ya nsalu, mumsewu wathu wokhawu muli nyumba zitatu zodikira wogula, ndipo ina yamera udzu m'khitchini. Mtengo umene anatchula ndauyerekeza ndi malipiro a mphunzitsi, ndipo wakwana a zaka zitatu. Bambo ako anaimanga zaka zisanu ndi ziwiri. Wa nsapato zosongokayo akuti nyumba yomweyi ikanakhala kumigodi ikanagulidwa kawiri kuposa pamenepa, kudoko katatu, koma kumapiri akanandipatsa theka lokha. Ndinamufunsa ngati njerwa za kudoko zimawotchedwa ndi moto wina. Nditafunsa za kumzinda kwanuko anangoimba mluzu. Mluzu si nambala, ndiye sindinaulembe.

Mu envulopumu muli chingwe. Ndamanga mfundo, ndipo kuchokera pa mfundo ina kufika pa inzake ndi mkono wanga umodzi, kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala. Undiyezere khoma lalitali la pabalaza panu, undiuze kuti ndi mfundo zingati. Usandifunse chifukwa.

Ndine mayi ako.

5 Epulo

Amayi,

Moni, ndipo zikomo poyankha msanga. Tasangalala kumva za bondolo. Pepani ndilemba mwachidule, sabata ino ndikugwira yausiku ndipo maso akulemera.

Zaka zitatu zokha, Amayi, nyumba yonse ija ndi khonde lomwe? Nditawawerengera bambo a Kachiwala, iwo akuti, "Tiyeni tikagule msewu wonsewo, galuyo atiikirepo ngati banyira." Tinaseka, koma pambuyo pake aliyense anangoyang'ana kudenga.

Khoma ndayeza, ndi mfundo zisanu. Ngati mukufuna kutisokera katani, zenera lake ndi mfundo ziwiri. Chingwecho Kachiwala walanda, akudumphira pamasitepe, ndipo akuti chikununkhira kabati ya agogo.

Kuno zinthu ndi zina, Amayi. Tidzakambirana bwino ndikapeza mpata. Mundiuze ngati mtengo wa pakhonde uja wayamba maluwa.

Mwana wanu.

19 Epulo

Mwana wanga,

Moni nonse atatu. Ine ndadzuka bwino, ndipo mtengowo wayamba maluwa kumbali ya kumsewu. Katani ya chiyani? Ukundiyesa telala? Khala pansi ndikuuze, pakuti zonse zalongosoka.

Wogula nyumba ino wapezeka. Ndi bambo wa kumzinda kwanu komweko, waulemu wake, wovula chipewa polowa. Akufuna poti azidzapumula ndi banja lake kawiri pachaka. Sananenerere mtengo ngakhale pang'ono. Akuti ndalamazo wazipeza atagulitsa galaja imene ankasungamo galimoto. Ndinangomwetulira. Kudzitama kwa anthu amumzinda ndinakumva kale. Tidzasaina mapepala pa 15 Meyi.

Masamu ake ndi awa. Pachithunzi munanditumizira chaka chatha, mutaima kutsogolo kwa nyumba yosanja ija, unalemba kamtanda pansanjika yachitatu kuti "timakhala apa." Ndayang'ana ndi galasi langa lowerengera, ndipo mzere umenewo uli ndi mazenera asanu ndi limodzi. Anga ndi khumi ndi limodzi. Tinene kuti kumzinda zinthu zimadula kawiri, poti njerwa zimachita kukwera masitepe. Ndiye kuti anu aja akhala ngati khumi ndi awiri. Laperewera zenera limodzi lokha, ndipo limenelo mutha kukongola kubanki. Uwauze eni nyumbawo asasakenso wina.

Sunafune kundipempha, ndipo ndikukuyamikira ulemuwo. Koma nyumba ya zipinda zinayi ya nkhalamba imodzi ndi samu yolakwika, ndakhala ndikuiona kwa nthawi yaitali.

Ine sindifuna zambiri. Mudzandipatse chipinda chimene zenera lake limaona kum'mawa. Ndayamba kale kukhalamo m'maganizo. Ndimadziona ndili pazenerapo, pamwamba ngati mbalame, Kachiwala ali pamiyendo panga, tikuwerenga madenga mpaka kupitirira zana lake lija. Dzuwa likamalowa nyale za mumzinda zikuyaka imodzi imodzi, ngati ana m'kalasi akamakweza manja, woyamba wolimba mtima, enawo kutsatira. Kenako ndikumva mapazi ako pamasitepe, ndipo ndikudziwa kuti watopa usanatsegule chitseko.

Vuto ndi tebulo la bambo ako. Ukudziwa kuti analikhomera m'balaza momwemo ndipo silingatuluke pakhomo lililonse la nyumba ino. Ndinawauza nthawi imeneyo, iwo akuti, "ANamasamu, likatuluke lipite kuti?" Tebulolo ndi mfundo zisanu ndi zitatu, khoma lanu ndi zisanu. Ndalankhula ndi akalipentala a kuseri kwa msika kuti adzalidule pakati ndi kuwonjezera miyendo. Theka ndibwera nalo. Sindingadyere pa tebulo lachilendo pa msinkhu uno.

Undiyankhe msanga, undiuzenso kuti masitepewo ndi angati, bondo lidziwiretu.

Mayi ako.

3 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Kodi muli bwino kumeneko? Wa positi wadutsa kambirimbiri osaima. Dzana ndinachita kumuimitsa, akuti, "Agogo, ikanakhalapo ndikanaidya?" Ndikudziwa kuti ntchito yakuchulukira, ndiye kukhala chete kwako ndakutenga ngati kuvomera.

Akalipentala anabwera Lachiwiri. Anayamba alisisita tebulolo ngati ng'ombe yogula, kenako akuti, "Mayi, thabwa ngati ili mukudula? Ndikanakhala ine ndikanagwetsa khoma." Ndinati, "Khomalo lili kale ndi mwini wake, dulani." Anandipempha kuti ndikakhale kaye pakhonde, koma ndinakhala pomwepo. Sowo inadutsa pafupi ndi chipsera cha simbi chija unawotcha uli kusekondale, n'kunamizira mphaka. Utuchi utayamba kugwa, m'nyumba monse munadzaza fungo la tsiku limene bambo ako ankalipala. Fungolo linabisala m'kati mwa thabwa zaka zonsezi, kudikira sowo. Ndinatembenuka kuyang'ana kukhomo ngati alowa ndi pensulo kukhutu.

Mabedi awiri ndapatsa mtsikana wa kuseri kuno amene wabereka mapasa. Kabati yaikulu yapita kwa akalipentala m'malo mwa malipiro. Zipinda zikakhala zopanda kanthu zimayankha munthu akatsokomola, sindinkadziwa.

Ndinalota ine ndi bambo ako tikupinda nyumba ino monga tinkapindira mashiti ochapa, iwo agwira ngodya ziwiri, ine ziwiri. Tinkayandikirana, kukhudzana manja, kubwerera m'mbuyo, kupindanso, mpaka nyumba yonse inakwana m'chikwama changa cham'manja. Nditafika kwanuko ndinaitulutsa n'kuikutumula pazenera, ndipo inatambasuka pamwamba pa madenga, khonde, mtengo, zonse, anthu pansi akungoyang'ana kumwamba.

Pa 15 sipali patali. Ndiuze tsiku loti ndinyamuke.

Mayi ako.

13 Meyi

Amayi,

Musasaine. Chonde musasaine.

Moni ndikupatsani pambuyo. Makalata anu awiri ndawalandira lero pamodzi. Makalata a nyumba ino amafikira m'bokosi la eni nyumba, ndipo iwo anachokapo milungu itatu ndi kiyi yemwe. Ndawerengera pamasitepe pomwepo. Iyi ndapatsira dalaivala mnzawo wa bambo a Kachiwala, wa basi yodutsa kwathuko, kuti akupatseni pamanja.

Amayi, pa mazenera asanu ndi limodzi aja, athu ndi awiri okha. Enawo ndi a mabanja ena awiri. Khoma la mfundo zisanu lija ndi la pabalaza, inde, koma balazalo ndi khitchini yomwe, ndiponso ndi pamene Kachiwala amagona tikakankhira mipando kukhomo. Chipinda china ndi chathu, bedi ndi kanjira kodutsa cham'mbali. Zenera loona kum'mawa palibe. Kulibe kumene ndingakugonekeni, Amayi anga, ngakhale masiku atatu. N'chifukwa chake nthawi zonse ndimati tibwera ndife, inu musavutike ndi bondo.

Mtengo umene eni nyumba akufuna, pa muyeso wanu womwewo, ndi malipiro a mphunzitsi a zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Nyumba zonga yathuyo zisanu ndi imodzi, kugula mazenera awiri. Bambo wa galaja uja sankadzitama. Kuno anthu sagula njerwa. Amagula kufupika kwa njira yopita kuntchito. Mukagulitsa, ndalamazo zingolowa kubanki ngati chiyambi chabe, ife tikhala ndi ngongole mpaka imvi, ndipo inu mukhala opanda khomo kuno ndi uko komwe.

Sindinafunse mtengo kuti mugulitse. Ndinafunsa chifukwa ndinkalota zobwerera. Ndinkati mwina tingapeze kanyumba mumsewu wathu womwewo, ndizikumvani mukutsegula mazenera m'mawa. Ndinalembera kuchipatala cha kwathuko, akuti malo a namwino kulibe, ndipo omwe alipowo akuchepetsedwa. Mabasi nawo ndi awiri patsiku, madalaivala ake alipo kale. Ndiye ndinakhala chete, poopa kukulotetsani maloto anga. Sindinadziwe kuti inu mukulota anu.

Tebulo la Bambo, Amayi! Ndalira pamasitepe mpaka mayi woyandikana nafe anatuluka kudzafunsa kuti wamwalira ndani.

Mwana wanu.

Apongozi, ndine mkamwini wanu, ndikulemba choimirira poti mnzangayo akuliza hutala pansipa. Musagulitse ayi. Mukagulitsa, ine ndizikathawira kuti mwana wanuyu akandikalipira? Ife tipeza pogona, ndimaudziwa mzinda uno kuposa eni ake, ndimauzungulira tsiku lililonse. Galu wa mumsewu uja mumupatse moni.

16 Meyi

Ana anga,

Moni nonse. Ndili bwino, ndipo ndikulemba ndili m'nyumba mwanga.

Dalaivala anafika dzana madzulo, anaimika basi yonse pachipata, anthu ali m'mazenera kuyang'ana. Kalatayo ndinaiwerenga kamodzi kokha, sinafunike kubwereza. Ndinatenga chithunzi chija n'kuphimba mazenera anayi ndi chala. Awiri otsalawo ndinawayang'ana nthawi yaitali. Pa limodzi pali katani yobiriwira imene ndinakupatsa pa ukwati wako. Inalipo nthawi yonseyi, pa zenera limodzi lokha, koma ine ndinali kalikiliki kuwerenga. Kuchulukitsa sindinalakwitse. Ndinalakwitsa chinthu chowerengacho, ndipo mwana wotero m'kalasi mwanga ndinkamupatsa ziro.

Ku ofesi ndinapitabe dzulo, pakuti ndinalonjeza kuti ndifika. Mapepala anali okonzeka, cholembera chili pamwamba. Ndinafunsa wogula uja kuti, "Bambo, galaja yanu ija inali ndi mazenera angati?" Akuti, "Inalibe, mayi, inali pansi pa nyumba yosanja." Ndinati, "Ndiye inu mundipatse mdima, ine ndikupatseni mazenera khumi ndi limodzi?" Wa nsapato zosongoka analumpha pampando. "Mayi, wogula ngati uyu simudzamuonanso! Mukufuna nyumbayo idzamere udzu?" Ndinati, "Ikamera ndidzazula, khasu sindinagulitse." Wogulayo anaseka mpaka kupukuta misozi. Ndinamupepesa chifukwa cha ulendo wake, iye akuti palibe kanthu. Pofika masana anali atagula nyumba ya malemu mwini sitolo, imodzi mwa zodikira wogula zija, moyang'anana nane. Akuti ndi yotsikirapo mtengo ndipo ili ndi thanki ya madzi. Moti tsopano ndili ndi neba wa kawiri pachaka.

Mabedi sindingaitanitse, mapasa akugonapo. Kabati nayo yapita. Zimenezo ndi malipiro a samu yanga.

Chimene chikundipweteka si zimenezo. Chipinda cha zenera la kum'mawa chija ndinali nditachizolowera. Ndinkadziwa pamene ndiike bedi, ndi msomali wopachikapo chipewa. Kusamuka m'nyumba imene sunakhalemo n'kowawa kuposa mmene ndinkaganizira. Nawenso ndikudziwa kuti wasamuka m'kanyumba kako ka mumsewu uno. Tonse tasamuka osanyamula kanthu.

Iwenso uleke kundibisira makoma ako. Mayi amene anakusintha matewera sangadabwe ndi kuchepa kwa balaza.

Zipinda ziwiri ndiikamo aphunzitsi achitsikana amene abwera kumene pasukulu yanga yakale, nyumba imve mapazi. Lendi yawo ndizikutumizira. Ndawerengera, kwanuko ikwana lendi ya masiku anayi okha, koma masiku anayi ndi masiku anayi. Chipinda chako sindiikamo munthu.

Tsopano tebulo. Akalipentala akuti angathe kulilumikiza, koma mzere uzioneka. Ndakana. Theka lija ndapangana ndi dalaivala kuti adzalitenge Loweruka, lili ndi miyendo inayi, iwiri ya bambo ako, iwiri yachilendo. Ndakupatsa la chipsera cha simbi, poti ndi ntchito ya manja ako. Kulikonse kumene mukakhale, mbali yodulidwayo muigunditse kukhoma loyang'ana kuno. Langa ndaligunditsa kale kukhoma loyang'ana uko. Ndimadya dzuwa likangolowa. Mukatero tizidyera pa tebulo limodzi monga kale, kungoti latalikirapo pakati.

Mayi wanu.

8 Juni

Amayi okondedwa,

Moni wochokera kunyumba yatsopano. Bondo likupitirira chipata tsopano? Aphunzitsi aja alowa? Musawapatse mayeso pa chakudya, chonde.

Nyumba ija anagula ena, banja la madokotala, akuti aziikamo mwana wawo wa kukoleji. Ife tasamukira kumathero a mzinda, kumene basi imatembenukira. Kuntchito ndimayenda ola lathunthu ndi theka, koma lendi tikuikwanitsa, ndipo Kachiwala ali ndi kachipinda kake kokhala ndi chitseko, akungotsegula ndi kutseka tsiku lonse. Ndayeza ndi chingwe chanu musanandifunse. Mazenera ndi atatu, ndipo limodzi, la kukhitchini, limaona kum'mawa. Ndi laling'ono, koma mpando ungakwane pansi pake. Masitepe palibe. Bambo a Kachiwala akuti akakhala pa tchuthi adzakutengani okha, mudzakhale mpando wakutsogolo, muziwerenga milatho.

Tebulo linafika bwino, mwendo umodzi wokha unapalika. Khoma loyang'ana kwanuko ndi mfundo zinayi ndendende, ngati Bambo anachita kuyezeratu. Tinavutana posankha khomalo, ine ndikuti ili, iwo akuti ilo, mpaka anatulutsa mapu a kuntchito kwawo n'kundigonjetsa. Mbali yodulidwayo ikununkhirabe. Ndikabwera kuntchito ndimayamba ndawerama pamenepo ndisanavule nsapato.

Kachiwala anafunsa kuti theka linalo lili kuti. Ndinamuuza kuti lili kuseri kwa khomalo, kungoti kuseriko n'kutali, ndipo agogo akhala kumapeto kwake. Anayang'ana khomalo nthawi yaitali. Dzulo dzuwa litangolowa tinakhala pansi kudya. Tili pakati, iye anatenga kabotolo ka mchere, nakakankha pang'onopang'ono pathabwapo, kudutsa pa chipsera chija, mpaka kanagunda khoma. Akuti, "Agogo, landirani."

Wakana kuti tikachotse. Kadakali pomwepo, ndipo ife tikudya zosakolera. Mutiuze msanga ngati wafika.

Ndine mwana wanu.